Amene Ankabwera Kudzaotha Nyale Yofiira

Inu amene mumati mizimu imayenda usiku wokha, khalani pansi, musandipsetse mtima. Izi ndikunenazi zinachitika kutacha kale, nkhuku zitatsika, otchola tiyi madengu ali kumsana. Linali dzuwa la chiperoni, inde, lija timangomva mbiri yake koma osaliona, komabe kunali kutacha.

Kumunsi kwa phiri la Mulanje, pakati pa minda ya tiyi, kuli loji ina imene sinditchula dzina. Kuseri kwake anamangako kanyumba kamene amati sipa. Musandifunse tanthauzo. Chimene ndikudziwa n'chakuti kumeneko munthu wamkulumkulu, wa manja ake awiri abwinobwino, amapita kukasambitsidwa ndi mnzake. Amamupaka dongo loyera thupi lonse, amamuviika m'bafa la madzi ofunda a masamba a bulugamu, kanyimbo kakulira pansipansi, ndipo pakhoma analembapo kuti aliyense akhale chete. Akatuluka m'bafamo amalowa chipinda chachiwiri, chopanda zenera, n'kumugoneka pansi pa nyale yofiira.

Nyale yake si iyi ya parafini. Ndi chithabwa chachikulu ngati chitseko, chodzaza timababu tofiira psuu, chopachikidwa pamwamba pa bedi. Amati kuwala kwake kumalowa m'khungu, kumafafaniza zipsera ndi ziphuphu, mwinanso makwinya. Sichiwotcha, chimangofunditsa ngati kadzuwa kam'mawa. Lamulo lake ndi limodzi: amakumanga kansalu kakuda m'maso, ndipo suchotsa mpaka nyaleyo itazima yokha pakatha mphindi makumi awiri.

Amene ankagwira ntchito m'menemo anali Lonesi, mtsikana wa kuseri kwa phiri, wa m'mudzi wa Nakhulo. Manja ake anali ndi mbiri. Alendo ochokera ku Lilongwe ankafika n'kumutchula dzina. Amayi ake, mayi Elube, atamva koyamba za ntchito imeneyi anaseka mpaka kugwetsa kabotolo kawo ka fodya wamphuno.

“Matope amene ife timawathawa kudimba, anthu akuwakwerera ndege? Ndiye kuothera dzuwa nakonso mpaka magetsi?”

“Musaseke amayi,” anatero Lonesi. “Tsiku lina ndidzakutengani. Ndidzakuviikani m'bafa lija, ndidzakugonekani pa nyale ija, ming'alu yonseyi idzatha.”

“Aaa, iwe uyambe wadzisamala wekha. Taona manjawo, watuwa ngati wamasiye. Bwera kuno.” Ndipo anamukoka n'kuyamba kumudzoza mafuta, mkazi wamkulu wa zaka makumi atatu. Ndi mmene analili mayi Elube. Mwana wawo akatuwa ankaona ngati anthu akuwatukwana iwowo. Chinanso chimene ankakonda ndi dzuwa. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde, msana kukhoma, n'kutulutsa kampweya kaja ka munthu wokhutira: eeeh.

Tsiku lina lija silinafike. Chaka cha mvula ija mukuidziwa nonse, napolo anatsika m'phiri, matope ndi miyala ndi mitengo, n'kudutsa pakati pa Nakhulo. Lonesi anali kuntchito. Pamene anafika, pamalo pa nyumba ya amayi ake panali chimwala. Anthu anakumba masiku asanu ndi anayi. Lonesi anakumba ndi manja mpaka zikhadabo kuzuka. Ena anapezeka, anawasambitsa, anawaika. Mayi Elube sanapezeke.

Amalume ake, a Namalomba, anamukhazika pansi. “Mwanawe, madzi akatayika saoleka. Mwambo ukuudziwa. Munthu akasowa chonchi timadula thunthu la nthochi, timalikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake. Tikatero timalira, timameta, nayenso amadziwa kogona.”

“Amayi anga si nthochi,” anayankha Lonesi.

Anali atamva zoti madzi anakokolola anthu ena mpaka ku Mozambiki n'kukapezeka amoyo. Anagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Sanalire maliro, tsitsi sanamete, ndipo aliyense wotchula nthochi ankamuthamangitsa. Amalume anagwira njakata, poti mwana anali mmodzi yekhayo ndipo sakanaika mlongo wawo mwanayo akukana. Zaka ziwiri zinatha mayi Elube asali kwa amoyo, asalinso kwa akufa. Ine Lonesi sindimuweruza. Koma kunali kuuma mtima, ndipo ndanena.

Manja aja anakumba matope sanabwererenso. Ankapola, n'kung'ambikanso. Anatuwa mbuu, ming'alu ikutuluka magazi m'mphindi za zala. Mafuta a kuchipatala analephera. Anayamba kuvala magolovesi, koma alendo ankadandaula kuti sanabwere kudzasisitidwa ndi pulasitiki. Mkulu wa pamalopo, mayi Somanje, amene onse ankangoti Madamu, anamuitana.

“Lonesi, sindifuna kukutaya. Nyale ili pomwepa. Uzibwera m'mawa alendo asanadzuke, uzigonapo, manja pachifuwa. Tione ngati zimene timauza anthuzi n'zoona.”

Ndiye anayamba kulawira. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chitagwira, nkhungu mpaka pakhomo, mvula ya mawawa osaleka. Ankatsegula sipa sikisi koloko, n'kudzimanga kansalu m'maso, n'kugona. Sabata yoyamba panalibe kanthu.

Sabata yachiwiri munasowa mwala wokhulira mapazi. Kamwala chabe, ndani angadandaule? Kenako sopo mmodzi wa mandimu. Kenako thaulo. Mawa lake thaulo lina. Pofika Lachisanu mathaulo anayi anali atasowa, chitseko chokiya, kiyi ali ndi Lonesi ndi Madamu basi.

Lolemba lotsatira Lonesi atatsegula anaona kuwala kofiira pansi pa chitseko cham'kati. Nyale inali ikuyaka. Anati mwina ndinaiwala, koma nyale yozima yokha umaiwala bwanji? Analowa. Pabedi panali polowa, mbali imodzi yokha, m'mphepete, ngati panakhala munthu amene sakufuna kudetsa nsalu za eni ake. Anagwirapo. Pansi pa nyale yofunda, pamenepo panali pozizira ndiponso pa chinyezi. Pansi pa simenti panali kachibuma ka matope. Osati dongo loyera lija la m'zidebe, ayi. Matope akuda, a mchenga, muli kachidutswa ka phesi la chimanga.

Anasesa, za matopewo sanauze munthu, anangonena za nyale. Madamu anaitana wa zamagetsi, amene anatsegula apa ndi apo, n'kunena kuti nyale ilibe vuto.

Lachitatu anakwera kabaza chifukwa cha mvula. Atafika pageti, wakabazayo, bambo wachikulire, anatsika n'kumayang'ana m'mbuyo, mumsewu wa pakati pa tiyi.

“Achemwali, mayi aja ndi anu?”

“Mayi ati?”

“Amatitsatira kuchokera pamlatho paja. Ndikapalasa iwo ali pambuyo, ndikaima nawonso aima. Ndimati mwina mwakangana. Koma nanga kuzizira konseku opanda mpango kumutu? Komanso akuoneka kuti anagwa penapake, matope thupi lonse.”

Lonesi anatembenuka. Nkhungu yokhayokha, ndi mitu ya tiyi ikudontha. Bambo uja anamuyang'ana nkhope, anayang'ananso mumsewu, ndipo anakwera njinga yake n'kudzera njira ina yozungulira. Kuyambira tsikulo akamuona ankayang'ana kumbali.

Tsopano pamalopo panali mayi wina wochapa, Dailesi, wa m'mudzi woyandikana ndi Nakhulo. Wamfupi, wamawu ngati wailesi, wosadziwa kunong'ona. Anthu a kwawo kwa Dailesi ndiwo adzukulu a anthu a kwawo kwa Lonesi: kukagwa maliro ku Nakhulo, iwo ndiwo amasambitsa mtembo, kukumba manda ndi kuika. Ndipo mukudziwa mmene adzukulu alili, pakamwa pawo palibe chitseko. Amakutukwana pamaliro a mbale wako ndipo sungawachite kanthu. Dailesi m'mawa uliwonse moni wake kwa Lonesi unali womwewo: “Wadzuka? Ukuchedwatu, ine sopo wa pamaliro ako ndinasunga kale.”

Koma tsiku limenelo Dailesi sanaseke. Anamupeza Lonesi akupinda nsalu, n'kuponya mtolo wa zochapa pansi.

“Madamu akuti mathaulo ndikuba ndine. Ine! Zaka khumi ndi ziwiri ndikuchapa makabudula a alendo pano, ndiyambe kuba lero? Iwe uli ndi kiyi. Tandiuza chikuchitika n'chiyani m'nyumba mwakomu.”

“Sindikudziwa, achemwali.”

“Ukudziwa. Nkhope yakoyo ikudziwa.”

Lonesi anapitiriza kupinda nsalu. Dailesi anatola mtolo wake n'kumapita akung'ung'udza.

M'mawa mwake Lonesi anapeza nyale ili chizimire. Mtima unatsika pang'ono. Anakiya chitseko chakunja, anagona pabedi, anadzimanga kansalu, anadina batani. Kufunda kunayamba kumutsikira pankhope ndi m'manja. Kunja madzi ankadontha kuchokera padenga.

Kenako kudontha kuja kunamveka m'kati.

Tho. Tho. Kuchokera kuchipinda cha bafa, kubwera. Panalibe mgugu wa mapazi, kungoti kaphokoso ka chinthu chonyowa chikumatuka pa simenti. Fungo linafika poyamba: dothi lofukulidwa kumene, lozizira, la pansi penipeni. Ndipo pansi pa fungo limenelo panali lina limene Lonesi akanalidziwa ngakhale pakati pa msika. Fodya wamphuno.

Bedi linalowa m'mphepete, pafupi ndi mapazi ake.

Lonesi anauma gwa. Dzanja linafuna kupita kukansalu kaja, koma silinafike. Sanaope lamulo la nyale ayi. Anaopa kuti akaona, ndiye kuti zatha, ku Mozambiki kulibenso munthu. Anagona choncho, akumva amene anakhala pamapazi akeyo. Ankanjenjemera. Bedi lonse linkanjenjemera naye, ndipo mano ankagogoda pang'onopang'ono ngati a mwana amene wavumbwa. Patapita nthawi kunjenjemera kuja kunachepa. Ndipo panamveka kampweya, kotsika, kotopa.

Eeeh.

Nyale inazima. Bedi linadzuka. Lonesi anawerenga mpaka makumi asanu asanachotse kansalu. Munalibe munthu. Koma pochita kugwada kuti atole nsapato, anaona pansi pa bedi, kukhoma, mulu wa nsalu. Anaukoka. Mathaulo onse anayi, opindidwa bwinobwino patatu, mmene mayi Elube ankapindira zitenje zawo. Lililonse linali lakuda bii ndi matope. Pamwamba pake panali kamwala kaja ndi sopo wa mandimu, wosagwiritsidwa ntchito, koma ali ndi zidindo za zala.

Ananyamula zonsezo n'kupita nazo kochapira, n'kufotokozera Dailesi zonse zimene anamva. Dailesi anazitambasula limodzilimodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire analankhula motsitsa.

“Taona apa. Apa anapukuta kumaso. Apa m'khosi. Apa anayesa kufikira kumsana, analephera.” Anaika thaulo pansi. “Munthu uyu akuyesa kudzisambitsa yekha. Ndipo sizitheka. Ine ndasambitsa anthu ambiri, Lonesi, sindinaonepo ndi mmodzi yemwe wodzithira madzi.”

“Amayi anga ali moyo.”

“Nanga amene akunjenjemera m'nyumba mwakomo ndani? Agogo ako a ku Joni?”

“Achemwali, musatero.”

“Nditero! Ndine mdzukulu, ndimatero. Zaka ziwiri mayi ako ali m'matope, m'chisanu, alibe nsalu, alibe khomo. Anzawo onse tinawasambitsa, tinawadzoza, akugona. Iwo akuyendayenda m'minda ya tiyi ngati wamisala, kumabisala akaona anthu chifukwa cha manyazi. Elube amene uja, wosatuluka m'nyumba asanadzole! Iwe ukudikira basi ya ku Mozambiki, iwo akudikira madzi ofunda. Unawalonjeza kapena sunawalonjeze? Ankatinyadira nazo kudambo, amvekere mwana wanga adzandigoneka pa dzuwa la magetsi. Ndiye abwera. Alakwa chiyani?”

Lonesi anakhala pansi, pa simenti yonyowa. Anayang'ana manja ake nthawi yaitali. Pamapeto pake anati, “Chabwino. Ndiwasambitsa. Ndi ntchito yanga, ndimaidziwa kuposa aliyense.”

“Ayi.”

“Ndasambitsa anthu osawadziwa mazanamazana! Amayi anga okha ndiye ayi?”

“Iwo okha ndiye ayi. Mwana sasambitsa mtembo wa make, saonanso n'komwe. Unaona kuti? Adzukulufe tinabadwira chiyani?” Dailesi anamugwira paphewa, mwamphamvu. “Iwe utunge madzi, usankhe sopo, uyatse nyale yakoyo. Kusambitsa n'kwanga. Koma ndikuuziretu. Ine sindisambitsa munthu amene sanamulire. Ndikamva kulira, ndigwira madzi. Ndikapanda kumva, ndibwerera kukachapa.”

Apo ndiye panali povuta. Madzi aliyense angatunge. Koma kulira maliro ndiko kuvomera, ndipo ukalira sungabwezenso. Lonesi anayenda nazo masiku atatu, osadya bwino, akulakwitsa ntchito. M'mawa uliwonse ankapeza nyale ikuyaka ndi pabedi ponyowa. Lamlungu kunazizira kwambiri moti ngakhale mbalame sizinalire, ndipo pamene anagwira pabedi paja, anamva kuti pakunjenjemerabe pang'ono, ngakhale panalibe munthu. Anatuluka, napita kochapira.

“Mawa kulibe alendo,” anatero.

Lolemba anafika onse awiri kukungoyera. Lonesi anadzaza bafa, akuyesa madzi ndi chigongono mmene amachitira kwa alendo olemekezeka. Anathiramo masamba a bulugamu. Anaika sopo wa mandimu uja, kamwala kaja, mathaulo atatu atsopano, ndi kambale ka mafuta a nsatsi, poti a m'mabotolo onunkhira aja amayi ake akanati akuwayetsemulitsa. Dailesi anavula juzi, anamanga chitenje m'chiuno molimba, anavula nsapato. Chitseko cha pakati pa zipinda ziwirizo anachisiya chotsegula.

“Khala pabedipo. Manga m'maso. Ngakhale umve chiyani, usachotse.”

Lonesi anakhala, anamanga, anadina batani. Kufiira kunadutsa m'mphepete mwa kansalu. Anadikira. Dailesi anadikira. Denga linkadontha.

Tho. Tho. Kunja, pakhonde. Kunafika pachitseko n'kuima.

“Afika,” anatero Dailesi. “Ali pakhomo, sakulowa. Ndikumvera iwe.”

Lonesi anatsegula pakamwa, koma mfuu sunatuluke. Anaganiza za basi. Zaka ziwiri zonsezi ankaiona basi imeneyo m'maganizo, ikuima pa Muloza, pamalire a Mozambiki, amayi ake akutsika ataonda, akukalipa kuti bwanji simunandifunefune. Ankaidziwa mpaka mtundu wake. Tsopano anayenera kuisiya ipite yopanda munthu. Pakhomo paja mano anayamba kugogoda.

“Akuzizidwa, Lonesi.”

Ndipo unatuluka. Unayamba ngati kubuula, kenako unang'amba. “Mayi ineee! Amayi anga ineee! Mwandisiyira yani ineee!” Mfuu wa maliro weniweni, wa kumudzi, m'nyumba imene pakhoma analembapo kuti chete. Unadutsa denga, unatsika m'minda ya tiyi. Akuti otchola tiyi anaima, amayi ena n'kutula madengu pansi osadziwa n'komwe kuti wamwalira ndani. Maliro n'kulirana.

Chitseko chinalira. Kaphokoso konyowa kaja kanadutsa pa simenti. Kenako madzi a m'bafa anakwera, n'kusefukira pansi, khwaa, mmene amachitira mukalowa munthu.

Zimene Dailesi anaona, musandifunse. Ine ndinamufunsapo, anandiyankha kuti, “Ndinaona ntchito.” Lonesi anangomva. Anamva thaulo likuviikidwa ndi kufinyidwa. Anamva mpweya wa Dailesi ukunjenjemera poyamba, kenako n'kukhazikika. Ndipo posakhalitsa pakamwa pa mdzukulu panatseguka, poti ndi mmene amagwirira ntchito yawo.

“Elube, Elube. Chonsechi unkadzitama ukhondo? Taona m'makutumu, tingadzalemo mpunga. Tukula mkono. Winawo. Iii, ndiye kulemeratu, kumeneko amakudyetsani miyala? Wandinamizitsa kuba mathaulo iwe, ndikanachotsedwa ntchito chifukwa cha nkhalamba yosadziwa kupempha. Tembenuka ndikukhule kumsana. Apo. Ndi pamenepo pamakuvuta eti? Ndadziwa.”

Lonesi ankalira, koma pena ankapezeka akuseka, mamina ndi misozi pamodzi. Anamva kamwala kakukhula zidendene, kwee, kwee, nthawi yaitali. Anamva madzi akutayidwa, ena akuthiridwa. Fungo la dothi lija linkachepa, la mandimu likukwera. Nyale inazima, iye anapapasa batani n'kuyatsanso. Inazimanso, anayatsanso kachitatu.

“Basi,” anatero Dailesi, mawu atasasa. “Wayera tsopano. Pita ukaothe, mwana wako wakuyatsira.”

Mapazi anabwera. Ulendo uno anali mapazi enieni, opepuka, ouma. Bedi linalowa, osati m'mphepete ngati kale, koma pafupi, phewa kukhudza phewa. Panalibe kunjenjemera. Anakhala choncho awiriwo pansi pa nyale yofiira, ngati pakhonde paja.

Eeeh.

Kenako kambale ka mafuta kanalira pang'ono. Dzanja linagwira dzanja la Lonesi, n'kulitembenuza. Chala chachikulu chinayamba kudzoza, chala chimodzichimodzi, m'ming'alu monse, mwamphamvu pang'ono mmene ankachitira kale, mosanyengerera. Litatha lamanja, lamanzere. Ndipo pafupi ndi khutu lake panamveka mawu, ochepa ngati mpweya, koma kukalipa kwake kunali komwe kuja.

“Watuwa ngati wamasiye.”

Lonesi anayankha kuti, “Ndine wamasiye amene, amayi.”

Panamveka kaphwete ka m'mphuno. Dzanja lija linafinya lake kamodzi. Lonesi anapempha mumtima kuti nyale isazime, ingowonjezako pang'ono chabe. Koma nyale ija sidziwa munthu. Mphindi zake zitakwana inazima, ndipo bedi linadzuka pang'onopang'ono. Lonesi anatambasula dzanja kuti ayatsenso, koma Dailesi anamugwira pamkono.

“Asiye. Afunda.”

Atachotsa kansalu anaona Dailesi atanyowa mpaka m'khosi, maso ali psuu. Pansi pa bafa panali matope akuda ofika m'kakolo. Dailesi anapisamo dzanja n'kutulutsa chigwinjiri chamkuwa, chopindika mbali imodzi, chimene mayi Elube anavala kudzanja lamanzere kuyambira ali mtsikana. Anachitsuka pampopi, koma sanampatse Lonesi. Anati chimenechi chili ndi kopita.

Potsegula chitseko chakunja anapeza Madamu. Mayi Somanje, amene nthawi zonse amavala nsapato zazitali, anali atakhala pansi pakhonde, miyendo tambalale, nsapato pambali, mpango kumutu. Anali atamva kulira kuja ali ku ofesi. Sanafunse za madzi osefukira, kapena za matope. Anayang'ana Dailesi n'kunena kuti, “Mayi, ndinakulakwirani.” Kenako analowa mosungira katundu n'kutulukamo ndi nsalu yoyera yatsopano, ya pabedi la alendo, ikadali m'pepala lake.

“Mukawafunditse iyi,” anatero.

Loweruka ku Nakhulo kunali maliro. A Namalomba anadula thunthu la nthochi ndi manja awo. Adzukulu analikulunga m'nsalu ya Madamu, chigwinjiri chili m'kati, Dailesi akulalata kuti bokosi lapepuka chifukwa mwini wake anasiya matope onse kuloji. Anthu anaseka, analira, anaimba. Lonesi anaponya dothi lake osagwiridwa ndi munthu. Mawa lake anamumeta mpala, ndipo ali pampando wometerapo nkhungu inang'ambika, phiri lonse linaonekera, dzuwa n'kumuwomba pamutu posalala. Anatseka maso n'kukhala pomwepo mpaka ometa anachita kumuchotsa kuti ena akhalepo.

Kuyambira pamenepo nyale ija imayaka akaiyatsa basi. Mathaulo amakwana. Wakabaza uja anayambanso kumunyamula, ngakhale pamlatho paja amapalasa mothamanga ndithu. M'mawa woyamba Lonesi atapeza bedi lili louma, losalala, analira pang'ono, sindikubisirani. Kenako anatsegula mazenera a chipinda cha bafa n'kuyamba ntchito.

Manja anapola m'masabata atatu. Ming'alu inatsekeka, zikhadabo zinamera, magolovesi anawataya. Madamu mpaka lero amauza alendo kuti ndi nyale, ndipo mwina akunena zoona, poti Lonesi sanaleke kugonapo. Dailesi amati nyale yachani, ndi iyeyo. Ine sindilowerera. Chimene ndikudziwa n'chakuti pazenera la sipa pamakhala kambale ka mafuta a nsatsi, ndipo m'mawa uliwonse asanagwire mlendo aliyense, Lonesi amakhala pakhonde, msana kukhoma, n'kudzidzoza chala chimodzichimodzi, mwamphamvu pang'ono.

Mukamufunsa za amayi ake amakuuzani mosazungulira kuti anamwalira chaka cha napolo, ndipo manda awo ali ku Nakhulo, pamalo powomba dzuwa. Ndi wamasiye ndithu, sakananso. Koma pitani mukamuone nokha. Satuwa.